Kapu imene inkalira kumbuyo kwanga

Tsiku limenelo kunkazizira, nkhungu itakuta phiri lonse moti munthu sunkaona patali. Zimene ndinkamva ndi mphepo mu udzu, ndi kapu yachitsulo ikulira kumbuyo kwanga, ngwe, ngwe, ngwe. Inu owerenga, kapu imeneyo ndiyo inandinyenga. Ndinataya mkazi wanga m'dziko la eni ndikuganiza kuti ali pambuyo panga.

Ndine mlimi wa mbatata ya kachewere ku Kandeu. Mkazi wanga, NaJere, ankalakalaka kudzaona phiri la Domwe ku Mozambique, kumene agogo ake anachokera. Yohane, mwana wa mchemwali wanga, ndi mkazi wake Esinala ndi anthu okonda kuyenda maiko ndi zikwama zakumsana, kugona m'matenti. Atamva, anati atiperekeza. Ine ndinkakayika, koma NaJere anandiseka.

"Abambo, thumba la mbatata mumasenza, ndiye kachikwama aka kakuopseni?"

Tinadutsa bwino pachipata cha malire, ndipo tinakwera phiri kuli dzuwa. NaJere anaimba nyimbo yakutchalitchi pamwamba penipeni, akupuma movutikira koma akuseka. Nkhungu inatipeza potsika.

Tinkayenda mondondozana monga timayendera kwathu: Yohane patsogolo, ine pambuyo pake, azimayi awiriwo kumbuyo. NaJere anali atamangirira kapu yake ya tiyi kuchikwama. Bola ikulira, mtima wanga unali pansi. Sindinacheuke.

Chimene sindinadziwe ndi ichi. Panjira NaJere anafuna kupatuka kutchire. Esinala, monga mwana woleredwa bwino, anawalandira chikwama, n'kupitirira kuti asawachititse manyazi. Yohane atacheuka anaona, koma mwana wamwamuna safunsa kumene amayi apatukira. Onse anakhala chete chifukwa cha ulemu, akuyembekeza kuti amayiwo atipeza. Ine ndinkangomva kapu, osadziwa kuti ili kumsana kwa wina.

Titafika pamtsinje m'munsi ndinacheuka kuti ndigwire mkazi wanga dzanja powoloka. Ndinaona Esinala yekha ndi zikwama ziwiri.

"Amayi ali kuti?"

"Akubwera, malume," anatero Yohane, maso ali pansi.

Tinabwerera tikufuula. Anawo ankati "Amayi!" Ine ndinaitana dzina lake laubwana, limene sindinalitchulepo pagulu chikwatirane. Nkhungu inameza mawu onse. Juzi yake, foni yake ndi machesi, zonse zinali m'chikwama chija.

Anthu a m'mudzi wapafupi anatithandiza kufunafuna, ndipo m'mawa mwake abusa a ng'ombe anamupeza NaJere m'munsi mwa thanthwe. Anali atasochera, n'kuterereka, n'kuthyoka mwendo. Adokotala anati chinamupha ndi chisanu. Anali atadzifunda chitenje kumutu, manja atapinda ngati akupemphera. Sipanali patali ndi njira.

Inu owerenga, mukamapita kumapiri achilendo, musakhulupirire khutu. Cheukani, muone nkhope ya mnzanu. Wina akapatuka, imani nonse mum'dikire, ngakhale zichititse manyazi. Ndipo mukamulandira wamkulu katundu pamalo otere, musiyireni chofunda. Ulemu wathu ndi wabwino panjira ya kumunda, pamene aliyense akudziwa kwawo. Phiri siliudziwa.

Kapu ija ili m'nyumba mwanga. Ndinaikulunga m'nsalu, komabe kukachita nkhungu ndikupita kudimba, ndimaimva kumbuyo kwanga. Tsopano ndimacheuka nthawi zonse.

Maliro atachitika, Yohane ndi Esinala anasiya kufika pakhomo panga, ngakhale kutchalitchi ankakhala kumbuyo. Abale ena ankati ndiwasumire. Ndinapemphera nthawi yaitali, chifukwa mtima unali wolimba. Kenaka ndinakumbukira kuti ulemu umene anachita tsiku lija tinawaphunzitsa ndi ife, ine ndi NaJere yemwe. Lamulungu lina ndinapita kunyumba kwawo. Esinala anagwada pakhomo. Ndinamuuza kuti adzuke, aike madzi a tiyi.

Ndinawakhululukira.