Manja a Chivomezi

Tsiku limene anagunda galasi ndi dzanja, Chivomezi analira ngati wafedwa. Ntchito ya miyezi yambiri inapita pachabe.

Dzinali anachita kumupatsa anzake a mulabotale, mochitira kafukufuku wa sayansi, chifukwa manja ake ankanjenjemera chidwalire ali mwana. Tiyi ankathira theka la kapu, kuopa kumwetsa bulauzi.

Ndiye taonani ntchito imene mtsikanayu anasankha! Kuwala kwamphamvu kwa makina otchedwa leza kukamenya atomu, kachidutswa kosaoneka ndi maso, mumathawa kanthu kotchedwa elekitironi. Iye ankafuna kuyeza kuti kamachedwa bwanji kutuluka, nthawi yochepetsetsa moti kuphethira kwa diso ndi chaka chathunthu. Kuwalako kumadutsa pamagalasi ambirimbiri omangidwa patebulo. Limodzi likangosuntha pang'ono, zonse zada.

"Mwanawe, mutu uli nawo," anatero pulofesa wake, "koma tebuloli si la manja akowa. Chaka chikatha popanda zotsatira, malo ako ndipereka kwa wina."

Kunyumba Chivomezi anapeza mayi ake akusita.

"Ndasiya, amayi."

"Wasiya? Kodi ulusi pasingano unkalowetsa bwanji iwe?"

"Ndinkaona mmene dzanja likugwedezekera, n'kumalitsatira."

"Ndiye ukulira chiyani? Tandipatsa malayawo."

Anabwerera kulabotale atamanga mtima. Anali atazindikira kuti tebulolo nalonso limanjenjemera, munthu akamadutsa kapena chitseko chikamatsekedwa. Anamangirira timakina kuseri kwa magalasi, n'kuyamba kuphunzitsa kompyuta kumva kugwedezekako ndi kubweza galasi m'malo mwake nthawi yomweyo.

Zinakanika. Anakonza, zinakanikanso. Powotcherera mawaya ankadziwotcha mpaka zala zinadzaza zipsera. Anzake ankaseka kuti Chivomezi akufuna kuletsa chivomezi, iye n'kumaseka nawo, kwinaku akulumikiza waya wina.

Chaka chitatsala pang'ono kutha, anaitana pulofesa. Mkuluyo anayang'ana mzere wosonyeza zotsatira pakompyuta, kenako anapita kukamenyetsa chitseko mwadala. Mzerewo unangoti zii. Kuchedwa kwa elekitironi kunkaoneka bwinobwino.

"Menyetsaninso, apulofesa," anatero Chivomezi, misozi ili m'maso.

Anamenyetsanso, n'kupukusa mutu uku akumwetulira.

"Ndinalakwitsa, mwanawe. Malowa ndi ako."

Inu amene mukudikira kuti vuto lanu lithe kaye, tamverani. Manja a Chivomezi sanachire, ndipo tiyi akuthirabe theka la kapu mpaka lero. Musataye mtima. Yambani ndi manja omwe muli nawowo.