Ndinazimitsa injini pamtsetse mkazi wanga ali pamwamba pa lole

Zimene ndikuuzeni panozi sindinachite kumva kwa munthu ayi, zinandichitikila ine mwini, ndipo akuluakulu a ku Mwase angandichitile umboni. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene dizilo inkasowa moti tinkatha masiku tili pamzele ku boma, ndipo ine ndinkayendetsa lole yonyamula mtedza kuchokela m'midzi.

Madalaivala anzanga ndiwo anandiphunzitsa nzelu yopulumutsila mafuta, yoti ukafika pamtsetse uzichotsa giya n'kuzimitsa injini, lole iziyenda yokha. Makaniko wathu anandichenjeza kawili konse kuti ndikuononga giyabokosi chifukwa oilo sazungulila bwino, ndiponso kuti mabuleki a lole ija amadalila mphepo imene injiniyo imapopa. Ndinamuyankha kuti iye amadziwa sipanala, koma msewu ndimaudziwa ndine. Nanga munthu ukakhala ndi magazi achinyamata umamva?

Tsiku limenelo m'mawa mkazi wanga anapempha kuti apite nane ku boma, popeza anamva kuti kwafika mchele ndi sopo. Kutsogolo ndinali nditatenga kale mlangizi wa zaulimi, choncho iye anakwela pamwamba pa matumba. Titafika pamtsetse wotsikila kumtsinje ndinachita monga mwa masiku onse. Pamakona oyamba mabuleki ankagwila, ine osadziwa kuti kuponda kulikonse mphepo ikutha. Nditakhota komaliza ndinangoona ngolo ya ng'ombe pakati pa mlatho, ndinaponda, lole osamva. Ndinayesa kuliza injini, inakana. Ndinakankha giya ndi mphamvu zonse, inangokukuta osalowa. Ndinapatukila kumbali, lole n'kugubuduzikila mumchenga.

Ine ndinatuluka ndi kabala pachipumi basi, mlangizi uja anathyoka mkono. Mkazi wanga tinamupeza pansi pa matumba akupumabe. Anandifunsa ngati ndavulala, ndinati ayi, iye n'kunena kuti ndiye zili bwino. Kuchipatala sanafike wamoyo.

Apolisi ndinangowauza kuti mabuleki anakana, ndipo mlangizi uja sananditsutse. Pamalilo apongozi anga anandigwila dzanja n'kumanditonthoza kuti ndisadziimbe mlandu, ngozi siona nkhope, ndipo anamwalila akukhulupilila zomwezo. Mwana wathu, amene anali ndi zaka ziwili panthawiyo, ndinadzamuuza zoona atakwatiwa kale. Sanandikalipile, anangofunsa ngati amayi ake anamva ululu kwambili.

Ena amati linali tsiku lake, koma ine ndimakhulupilila kuti Mulungu anandichenjeza kudzela mwa makaniko uja, ine n'kukana. Mafuta amene ndinapulumutsa pamtsetse uja sakanadzaza ngakhale kapu. Inu oyendetsa galimoto, potsika phili siyani injini ikulila ndipo giya ikhale m'malo mwake, chifukwa amene mwanyamulawo ali ndi owadikila kunyumba.