Bambo Anga M'chikopa cha Chimbalangondo

Bambo anga, a Orest Wasyliw, sankakumbatira munthu. Sindikuwonjeza ayi. Tsiku la ukwati wanga, ine nditavala zoyera, misozi ili chuchuchu, iwo anandipatsa moni wa m'manja ngati tagulitsana ng'ombe, n'kundifunsa kuti, "Halya, mafuta a mu injini unayang'ana?"

Ndinangotsala pang'ono kuwaponyera maluwa kumaso. Mama ananditsina n'kunong'ona kuti, "Asiye, mwana wanga. Kulira kwawo ndi kumeneko."

Nkhanza analibe Tato, monga tinkawaitanira pakhomo. Anakulira pa famu ya tirigu, m'manja mwa bambo amene ankakhulupirira kuti mwana ukamusisita amafewa mafupa. Ali mnyamata analowa ntchito ku fakitale ya mapepala kwathu ku Brennock, makina n'kuwadula chala chachikulu cha kumanzere, ndipo tsiku lotsatira anapitanso kuntchito ngati palibe chachitika. Mawu amene ankalankhula pa tsiku ukanatha kuwawerenga ndi zala zotsalazo. Akakukonda ankakukonzera chitseko. Akakukonda kwambiri ankadzuka m'mamawa kukakuchotsera chipale chofewa pakhomo, n'kuthawa usanawathokoze.

Tsono kunali Rusty.

Timu yathu ya hoke, masewero a ndodo a pa ayezi, Zimbalangondo za ku Brennock, sinali ya mu ligi yaikulu yoonekera pa wailesi yakanema. Inali ya mu ligi yaing'ono, ya anyamata odikira kuitanidwa kumwamba ndi madoda opanda mano akutsogolo amene anatsitsidwa kale. Koma inali yathu. Lamlungu masana m'nyengo yozizira tauni yonse inkakhamukira m'holo ya ayezi, ndipo ambiri, tisanamizane, ankabwerera Rusty. Chinali chimbalangondo cha chikopa chochita kuvala, chofiirira, chimimba chotere, chovala jezi ya timu. Chinkadzigwetsa dala pa ayezi, kulanda zipewa za azibambo a dazi, kunyengerera woyimbira masewero ndi soseji yolumidwa kale. Kenako chinkakwera masitepe kudzakumbatira anthu. Chikakusankha, chinkaponda pansi kawiri, kudzimenya pamimba, n'kutambasula manja. Ukatero wagwidwa, kaya ndiwe wansembe kaya meya.

Tato masewero sankaonera. Lamlungu lililonse ankati ali ndi ntchito yowonjezera ku fakitale.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene Rusty anandisankha koyamba. Anandinyamula m'mwamba, n'kundifinyira pamimba pake pofewa, mpaka ndinamva fungo la adyo ndi girisi wa makina. Ndinagwira dzanja lake lamanzere kuti ndisagwe. Chala chachikulu cha chikopacho chinali chopanda kanthu m'kati, chinangopindika ngati sokosi.

Titafika kunyumba ndinathamangira kukhitchini. "Mama, Mama, Rusty ndi Ta..."

Mama ananditseka pakamwa ndi dzanja la ufa. "Iwe! Chimbalangondo ndi chimbalangondo. Bambo ako ali kuntchito. Ukadzangotulutsanso mawu amenewo, sichidzakukumbatiranso, wamva?"

Ndinamva. Ndipo nditakula ndinazindikira kuti si ine ndekha. Tauni yonse inkadziwa, tauni yonse n'kutseka pakamwa. Lamulo lake linali lomwelo: Rusty salankhula, savula mutu pagulu, ndipo m'kati mwake mulibe munthu. Lolemba ku sitolo azibambo ankawauza Tato nkhope zili gwa, "Orest, dzulo mwaphonya. Rusty anavinitsa mkazi wa dokotala mpaka wigi inagwa."

"Ndamva," Tato ankayankha, akusankha misomali.

Umu ndi mmene ndinakulira, abale inu. Sabata yonse bambo anga anali mzati wa magetsi, Lamlungu chimbalangondo n'kudzandifinya mpaka nthiti kulira. Nditakhoza mayeso, Tato anati, "Chabwino," Rusty n'kundizungulitsa m'mwamba anthu akuombera m'manja. Mnyamata wina atandisiya, Tato anandisinthira matayala a galimoto, Rusty n'kukakhalira mnyamata uja pamiyendo theka lonse la masewero, osasuntha.

Mama anamwalira mu Januwale, ine ndili kale pabanja. Ku maliro Tato anaima ndwii, manja m'matumba a jekete, diso louma. Ndinalira pambali pawo, phewa langa likukhudza lawo, koma dzanja silinatuluke m'thumbamo. Ndinawakwiyira, ndinene poyera. Lamlungu lotsatira anthu ankaganiza kuti Rusty sabwera. Anabwera. Sanavine, sanalande chipewa cha munthu. Anayenda molunjika kudzafika pamene ndinaima, kuponda pansi kawiri, n'kutambasula manja. Ndinalowamo. Chimimba chija chinkagwedezeka, ndipo m'kati mwa chimutu chija ndinkamva munthu akulira ngati mwana. Woyimbira anachedwetsa masewero mpaka titamaliza.

Nthawi imeneyo n'kuti ine ndili pa ntchito ku timu komweko, yomanga mabondo ndi kupukuta magazi a osewera. Mwamuna wanga Lorne ndiye ankanola nsapato zawo zoterera pa ayezi. Nyumba yathu yonse inkadya kuchokera ku Zimbalangondo.

Kenako madzi anachita katondo. Fakitale inachotsa anthu theka, mabanja n'kuyamba kusamuka, mipando ya m'holo n'kumangotiyang'ana. Tonse tinkadziwa mmene zimathera, chifukwa matimu a ligi yathu amasamuka ngati alendi. Timu yathuyo nafenso tinachita kuilanda ku tauni ina kalekale, migodi yawo itatsekedwa, ndipo tinavina mumsewu osaganizako za eni ake. Tsopano inali nthawi yathu yolira. Mwini timu analengeza kuti chilimwe chikubwerachi Zimbalangondo zikupita ku mzinda wina kutsidya kwa malire, kum'mwera kwa dziko la Amereka, kumene ayezi amangomudziwira m'kapu ya zakumwa. Ine ndi Lorne anatiuza kuti ntchito yathu ilipo, tikafuna titsatire. Tikanatani? Ku Brennock kunalibenso bondo loti n'kumanga.

Rusty nayenso ankapita, poti chikopacho chinali katundu wa timu. Ankati kumeneko akamuveka magalasi a dzuwa ndi malaya a maluwamaluwa, m'kati n'kulowetsamo mwana wa sukulu wodziwa kudumpha chagada. Magalasi a dzuwa! Chimbalangondo cha ulemu wake!

Ndinapita kukawauza Tato kuti tikusamuka. Ndinawapeza mu galaja akupala dzimbiri pa fosholo.

"Tato, tikupita nayo timu."

"Ndamva."

"N'kutali, Tato. Masiku atatu pa msewu."

"Matayala a m'nyengo yozizira usiye kuno. Kumeneko alibe ntchito."

Basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinatuluka mtima ukuwawa, chifukwa ndinaona chimene chinkabwera. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wamasiye, ndimusiye yekha m'nyumba, ndipo manja okhawo amene ankandikumbatira nawo akwere lole m'katoni. Ndikadzabwera pa Khirisimasi ndidzalandire moni wa m'manja mpaka tsiku lowaika m'manda? Ayi, zimenezo ndinakana.

Masewero omaliza anali Lamlungu la mu Epulo. Holo inadzaza mpaka m'makonde, anthu amene anasowa zaka zonsezi atabwera kudzalira maliro a timu imene anaipha okha. Pa nthawi yopuma, bwana wa timu, a Pruitt, munthu wobwera amene sankadziwa za kwathu, anatsikira pa ayezi ndi chokuzira mawu n'kuitana Rusty.

"Anthu a ku Brennock," anatero, "kwa zaka zoposa makumi atatu munthu mmodzi wakhala akutuluka thukuta m'chikopa ichi. Lero avule mutu, timuone nkhope, timuombere m'manja!"

Kalanga ine, anaputa mavu. Holo yonse inakuwa. Mayi Desrosiers, gogo wogulitsa khofi, anakwera pa mpando ndi ndodo yawo. "Munthu wake uti, iwe? Mulibe munthu m'menemo! Mwatilanda timu, mukufuna mutilandenso chimbalangondo chili chamoyo?"

Rusty anagwira chimutu chake ndi manja onse awiri, kupukusa, n'kuwalanda a Pruitt chipewa. Anthu anaseka mpaka ena misozi, ndipo misozi inayo sinali ya kuseka.

Masewero atatha, tinagonja monga mwa nthawi zonse, Rusty anazungulira kukumbatira aliyense amene anatambasula manja. Pomaliza anafika pa benchi pamene ndinkalongedza mabandeji. Anaponda pansi kawiri. Anadzimenya pamimba. Anatambasula manja.

Ine sindinasunthe. Ndinayandikira pa kansalu kakuda ka kukamwa kwa chimbalangondo, pamene ndinkadziwa kuti pali maso, n'kunena motsitsa, "Lero ayi, Rusty. Iwe wandikumbatira mokwanira, zikomo. Ndikudikira munthu wina."

Anaima choncho manja ali m'malere. Anthu ankaganiza kuti ndi sewero, anayamba kundikuwiza kuti ndine wouma mtima. Rusty anagwira pamtima, kudzandira, n'kudzigwetsa chagada pa ayezi miyendo m'mwamba, holo yonse n'kufa ndi phwete. Ine ndinathawira m'chipinda cha mankhwala kukalira, chifukwa sindinkadziwa ngati ndapempha chinthu chimene munthuyo alibe.

Masabata otsatirawo nkhaniyo sitinaitchule. Lorne anandiuza kuti Tato anachapa okha chikopa chija, kuchipesa ndi burashi ya Mama, kusoka pamene panang'ambika m'khwapa, n'kuchibweretsa ku holo m'katoni. Kwa a Pruitt anangoti, "Ndachipeza panjira."

Tinanyamuka m'mawa wina mu Juni. Malole awiri a timu anaima pabwalo la holo, galimoto yathu pambuyo, itadzaza mpaka kudenga. Anthu anabwera ndithu, ena kudzatsanzika, ena kudzatukwana malole. Mayi Desrosiers anandipatsa mabanzi a panjira n'kundiuza kuti ndisakayambe kulankhula ngati Mmereka.

Tato anafika ndi kansanza m'manja. Sanandipatse n'komwe moni. Anatsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera mafuta, kukapukuta, kukabwezera, kukasololanso. Anagogoda matayala onse ndi nsapato. Anamuuza Lorne njira yolambalala misewu yokonzedwa, Lorne n'kumangoti, "Inde, bambo," ngakhale anaimva kale kasanu. Lole yoyamba inaliza injini. Zoyang'ana zinatha.

Anapukuta dzanja pa buluku n'kulitambasula kwa ine. "Chabwino, Halya. Uyende bwino."

Ndinaika manja anga kumbuyo.

Dzanja lawo linakhala pamenepo, lokha. Anthu amene anali pafupi anayamba kuyang'ana kumwamba, ena kumasula zingwe za nsapato zomangidwa kale. Tato anayang'ana lole imene munali katoni ija, ngati munthu woyang'ana jekete limene waliiwala m'basi. Khosi lawo linafiira. Ndinati basi, ndaluza, ndingolandira dzanjalo ndisawachititse manyazi pagulu.

Ndiye ndinamva nsapato ikugunda pansi. Kamodzi. Kawiri.

Abale, bambo anga, a Orest Wasyliw, atavala malaya awo a mizeremizere, tauni ikuona, anadzimenya pamimba pamene panalibe mimba, n'kutambasula manja. Anaima ngati mwana woponda pa ayezi koyamba.

Palibe anaseka. Palibe anaomba m'manja. Mayi Desrosiers anatembenuka n'kuyamba kukalipira anthu: "Mukuyang'ana chiyani? Simunaonepo munthu akutsanzika mwana wake?" Onse anatembenukira malole.

Ndinalowa m'manja muja, ndipo ndinadzidzimuka. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti wondikumbatira ndi chimunthu chonenepa, chofewa, choti manja anga sakumana kumbuyo kwake. Apa manja anga anakumana n'kupitirira. Ndinamva nthiti, ndinamva mafupa a msana, kamunthu kochepa, kopepuka, kamene kanasenza chikopa cholemera chija zaka zonsezo kuti kapeze pondigwirira. Fungo lokha ndiye linali lomwe lija, adyo ndi girisi. Pamsana panga panagwira zala zinayi.

"Tato, mwaonda chonchi?" ndinatero ndikulira. "Mumadya koma?"

"Ndinali chonchi kuyambira kale," anayankha m'tsitsi langa. "Kunenepa kunali kwa mnzanga uja."

Lole yachiwiri inaliza hutala. Lorne analowa m'galimoto mwakachetechete n'kudikira. Ine ndinayesa kudzimasula, koma manja aja sanalole.

"Dikira pang'ono," anatero Tato. "Ndikuphunzira kumene."