Injini Imene Inkazizidwa ku Woodbridge

Tsiku limene Medson Nkhonjera analephera mayeso kachiwiri, sanafune kupita kunyumba. Anabwerera ku galaja imene ankagwirako ntchito ku Woodbridge, natenga tsache n'kuyamba kusesa pamalo amene anali atasesa kale m'mawa. Anali bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, koma misozi inali lengelenge ngati mwana wa sukulu.

Abale anga, munthu ameneyu sanali makaniko wamba. Kwa zaka makumi awiri dzina lake linkamveka pa Biwi ku Lilongwe. Madalaivala a minibasi ankachita kunena kuti injini ikangomuona Medson imasiya yokha kutsokomola. Koma atatsatira mkazi wake Ellah, yemwe anapeza ntchito ya unamwino ku Virginia m'dziko la America, anapeza kuti kuno khutu la makaniko palokha silikwanira. Galimoto iliyonse ili ndi kompyuta yake, ndipo pa zaka ziwiri zilizonse imayenera kukayezedwa utsi. Ikalephera, sailembetsanso, imangotsala pakhomo. Medson ankafuna pepala lomuyenereza kukonza galimoto zoterozo, ndipo mayeso a pepalalo ndi amene anamugwetsa kawiri.

Choncho katswiri wa pa Biwi uja ankangosintha matayala, kuthira oyilo ndi kusesa.

Madzulo a tsiku limenelo mwini galaja, bambo wa ku America komweko dzina lake George, anamuitanira mu ofesi.

"Medson, ndiwe munthu wabwino," anatero m'Chingerezi. "Koma ine ndikufuna makaniko wodziwa kompyuta. Malichi akatha ndilemba wina, ndipo malo a anthu awiri ndilibe."

Panali patatsala masabata asanu ndi limodzi. Medson anadziwa kuti akachoka pa galaja imeneyo opanda pepala, pa msinkhu wake, sipanala wasiyana nayo mpaka kalekale.

Atamuuza Ellah, mayiyo sanamulirire ayi.

"Bambo a Mwabi, manja anu sanakalambe," anatero. "Chakuvutani ndi screen ya kompyuta basi. Ndiye screen ikugonjetseni inuyo? Aa, ine sindivomera."

Kuyambira pamenepo Medson anasiya kudya nkhomaliro atakhala pansi. Anzake akapita kukadya, iye ankapempha kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto, n'kumakalumikiza pa galimoto iliyonse imene yaima m'galajamo. Manambala amene waona ankawalemba m'kope. Kenako ankaliza injini, kuimvetsera, kuigwira, kununkhiza utsi wake, n'kumafananitsa zimene thupi lake lamuuza ndi zimene makina anena. Loweruka lililonse ankakhala ku laibulale mpaka atseke. Amakaniko awiri a m'galajamo ankamuseka, n'kumamutchula kuti pulofesa wa matayala. Iye ankangoseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa.

Sabata yomaliza ya Malichi kunafika galimoto imene inazunguza mitu ya onse. Mwini wake anali Bwalya, namwino wa ku Zambia yemwe ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi banja la Medson. Galimotoyo anaikongoletsa mosaumira. Anaitsitsa mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi, anaika ekizozi yaikulu yolira ngati chigayo, nasinthanso chosefera mpweya. Anali atapita nayo koyeza utsi katatu, ndipo katatu konseko makina anaikana. Sankanena kuti chawonongeka n'chakuti. Ankangoti kompyuta ya galimotoyo sinamalize kudziyeza yokha.

Aliyense analoza chala zokongoletsa zija, ndipo ndani akanawatsutsa? Amakaniko a George anabwezeretsa chosefera mpweya chakale. Anasintha masensa, tizipangizo toyeza utsi ta mu ekizozi. Anafufuza ngati pali pamene pakutuluka mpweya, osapeza kanthu. Pa tsiku lachitatu George anakweza manja, n'kuuza Bwalya kuti akayese kwina.

Bwalya anatembenuka, n'kuona Medson akugubuduza tayala.

"Ba Medson, nithandizeniko," anatero m'Chinyanja cha ku Lusaka. "Iyi motoka yanivuta maningi. Registration isila Friday. Nizayenda bwanji ku nchito?"

Medson anayang'ana George. George anayang'ana wotchi.

"Ola limodzi," anatero. "Usamasule chilichonse usanandiuze."

Medson sanatsegule n'komwe boneti. Analumikiza kamakina kaja, nakhala kumpando wakumanja, mtima wake wonse uli phee, kenako anauza Bwalya kuti ayendetse kulowera ku msewu waukulu wa I-95. M'mawa umenewo kunkazizira kwambiri. Asanafike patali anaona kuti Bwalya akuyendetsa atavala jekete lochindikala ndi magolovesi, m'galimoto yotseka mawindo onse.

"Bwanji simuyatsa hita?" anafunsa.

"Niyoyaka iyi, ba Medson. Ni mwamene ilili. Chaka chino winter yonse nayenda so."

Medson anaika dzanja potulukira mpweya. Unali wofunda pang'ono chabe. Anayang'ana pa kamakina kaja. Pamene anaima pa mzere wa galimoto, kutentha kwa injini kunkakwera pang'onopang'ono. Msewu utatseguka n'kuyamba kuthamanga, kutenthako kunatsika. Anachita kuyang'ana kawiri. Injini yabwinobwino ikatentha imakhala pamenepo, kaya ukuthamanga kaya waima. Iyi inkazizidwa.

Chinthu chimenechi Medson ankachidziwa ngati dzina lake.

"A Bwalya, nyali yochenjeza za injini imayaka?"

"Imayaka nthawi zina. Nimachosa chabe waya ku battery, yazima."

"Nanga ndani anagwirapo injiniyi nthawi yotentha?"

Bwalya anaganiza pang'ono. "Ba uncle banga. Banabwera ku graduation mu July. Ni ba mechanic bakulu ku Lusaka. Motoka inali kupya, banaikonza pa driveway, ten minutes chabe."

Medson anaseka mpaka kupukuta m'maso, Bwalya n'kumadabwa kuti akuluwa chawagwira n'chiyani.

Ndikufotokozereni, inu amene simunagwirepo sipanala. Pakati pa injini ndi redieta pamakhala kachipangizo kakang'ono kotchedwa themositati. Ntchito yake n'kutsekereza madzi kuti asazungulire mpaka injini itatentha mokwanira. Kwathu kotentha kuja, galimoto ikangoyamba kutentha, amakaniko ambiri chinthu choyamba amachotsa kachipangizoko n'kukataya, amati n'ka kumayiko a chisanu. Amalume a Bwalya anachita zimene anazolowera, ndipo anazichita mwachikondi. Koma injini yopanda themositati sifika pa kutentha kumene kompyuta imadikira kuti iyambe kuyeza utsi. Ndipo nthawi iliyonse imene kompyutayo yayesa kudandaula poyatsa nyali, Bwalya ankaitseka pakamwa pochotsa waya wa batire, n'kufufuta uthenga wonse. N'chifukwa chake amakaniko a George sankapeza kalikonse. Komanso kwa iwo zinali zosaganizirika kuti munthu angachotse themositati dala.

Atabwerera ku galaja, Medson anaima pamaso pa George.

"Vuto si ekizozi," anatero. "Galimotoyi ilibe themositati."

Mmodzi wa amakaniko aja anaphulika kuseka. "Ilibe? Yapita kuti, yathawa?"

"Ndiloleni ndimasule mabawuti awiri okha."

George anagwedeza mutu kuvomera. Anadikira kuti injini izizire, onse atazungulira galimotoyo. Medson anatenga sipanala. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zinayi anaweramira injini ya kasitomala. Anakhetsa madzi, namasula bawuti yoyamba, kenako yachiwiri, n'kukoka chivundikiro.

M'katimo munali mbee, dzenje lokhalokha.

Onse anasendera kudzasuzumira. George anatenga tochi, anaunika, n'kulowetsamo chala ngati sakukhulupirira maso ake. Woseka uja anavula kapusi yake n'kumakanda m'mutu. Masiku atatu a akatswiri ndi makina awo, munthu wa matayala anawamaliza ndi ulendo umodzi wa pa msewu waukulu. Ine mpaka lero ndikaganiza za mphindi imeneyo, thupi limachita tsembwe. Akuluakulu sananame kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

"Unadziwa bwanji?" anafunsa George motsitsa mawu.

Medson akanatha kudzitama, koma ananena zoona.

"Ndinazichotsapo zambirimbiri ndi manja angawa," anayankha. "Kwathu ndinkazipachika pa waya, ndikuganiza kuti ndikuthandiza anthu. Mabuku a kuno ndi amene andiphunzitsa kuti ndinkalakwa. Koma kulakwa kwangako ndi kumene kwandionetsa pamene pali vuto."

Anaika themositati yatsopano, nauza Bwalya kuti ayende nayo masiku awiri osakhudza batire. Lachisanu m'mawa Bwalya analowa m'galajamo akuimba hutala, jekete ataliponya kumpando wakumbuyo, pepala lopambana lili m'manja. Anamukumbatira Medson osasamala za oyilo wa pa ovolosi.

Tsiku lomwelo George anaimbira foni munthu amene ankafuna kumulemba uja, n'kumupepesa. Kenako anatenga Medson n'kumusonyeza malo okwezera galimoto a pakati, amene anali a makaniko wamkulu.

"Kuyambira Lolemba uzigwirira apa," anatero. "Mayeso ukalembenso. Ndikudikira."

Analembanso mu Meyi, ndipo anakhoza. Masiku ano galimoto zokanika zimachokera ku Maryland, zina amabwera nazo madalaivala a maofesi a akazembe ku Embassy Row, ndipo onse amafunsa dzina limodzi.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli kudziko la eni, kapena pa ntchito imene aliyense amakuonani ngati simudziwa kanthu. Mwina mumachita manyazi ndi kumene munachokera, ndi zimene munaphunzira mopotoka, ndi zaka zimene mumaziona ngati zinapita pachabe. Kwa Medson panafunika zonse ziwiri, mabuku atsopano ndi zolakwa zake zakale, kuti aone chimene ena sanachione. Phunzirani zatsopano modzichepetsa, koma musataye zimene moyo unakuphunzitsani movutikira. Mukagwa kawiri, dzukani mukayese kachitatu. Musataye mtima, tsiku lanu logwira sipanala likubwera.