Galimoto Yofiira Pansi pa Msau

Ku Ngabu kuli mkulu wina amene kale anali dalaivala wa mzungu wa ku minda ya nzimbe. Pobwerera kwawo, mzunguyo adamusiyira galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yothamanga ngati kamvuluvulu. Mkuluyu amaiimika pansi pa msau, ndipo m'mawa uliwonse amaipukuta asanasukusule n'komwe. Maso adayamba kale kuchita chidima, choncho wakhala akuigulitsa. Koma ogula akuno funso lawo ndi limodzi: "Imanyamula matumba angati a thonje?" Iye amangoseka n'kuti, "Imeneyi si ngolo." Mtengo wake ukutsika chaka ndi chaka, ndipo iye akudziwa.

Chaka chimene kwacha idalowa m'malo mwa paundi, kudabwera Augustino, wogulitsa nsomba wa kwa Mbenje, nalonjeza ng'ombe zisanu. Adakwera awiriwo kukaiyesa, Augustino ali pachiwongolero. Chapatsogolo adapeza masamba ataikidwa pamsewu, kusonyeza kuti pali maliro. Augustino adangoponda moto, fumbi n'kukuta anamfedwa.

"Taimani, bambo," adatero mkuluyo. Adazula kiyi, nabwerera wapansi kukapepesa pasiwa, chipewa chili m'manja.

Atabwerako, Augustino adati awonjezera ng'ombe ina. Mkuluyo adapukusa mutu.

"Inu kuno sakudziwani. Galimotoyi aliyense amaidziwa kuti ndi yanga, ndipo azidzatchula ine ngakhale nditagona kumanda. Ndikugulitsa galimoto, osati dzina."

Mpaka lero ikadali pansi pa msau paja. Womaliza kuifunsa adatchula mbuzi.