Mapoto Atatu a Bambo Osamwa

Chipumireni pantchito yokonza mipope, bambo a nyumba yapakona manja amangowayabwa. Mpope wakukhitchini amaumasula ngakhale sukudontha. "Ndikungouona," amatero, akazi awo ataima ndi ndowa kudikira madzi.

Tsiku lina anapita kusitolo kukasankha zofululira mowa. Wogulitsa anawaonetsa poto mmodzi wamagetsi wochita zonse yekha.

"Ndiye ine ndizitani?" anafunsa bambowo. Anasankha za mapoto atatu: wotenthetsera madzi, woviikira chimera ndi wowiritsira, onse oyenera kulumikizidwa ndi mapaipi.

Atafika nazo kunyumba, mlamu wawo anadabwa. "Alamu, inu simumwa mowa!"

"Mudzamwa ndinu. Taonani polumikiza ponsepa!"

Amene anavina ndi akazi awo. Mpope wawo watha mwezi tsopano osakhudzidwa.