Phungu amene ankagona kwawo

Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina kufupi ndi Chintheche. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo Chitonga ndinkangodziwa cha moni basi. Mwezi wina kunabwera aphungu a Nyumba ya Malamulo, a komiti ina, kudzachita msonkhano. Ambiri anafika pa magalimoto akuluakulu. Mmodzi yekha, bambo wa imvi amene kale anali mphunzitsi, ankabwera m'mawa pa njinga yamoto ya kabaza, chifukwa kwawo kunali cha ku Kande konkuno.

Msonkhano ukatha masana, mayi amene anali kalaliki wa komitiyo ankakhala pakhonde n'kumapereka maenvulopu a alawansi ya tsikulo, yoti aphunguwo alipirire chakudya ndi pogona. Tsiku loyamba ndinali pomwepo, ndikuchotsa makapu. Bambo aja anatsegula envulopu yawo, n'kupatula ndalama zina, zotsalazo n'kubweza.

"Izi n'za pogona, mayi. Ine ndikukagona kunyumba kwanga."

"Olemekezeka, aliyense akulandira chimodzimodzi," anatero kalalikiyo. "Ndikabwerera nazo ndikavutika kufotokoza."

"Mukanene kuti nkhalamba ija ili ndi bedi lake."

Phungu wina wachinyamata, yemwe anali pambuyo pawo, anaseka koma nkhope itachita mdima. "Akuluakulu, mukufuna tonsefe tioneke akuba? Tengani, mukagulire anthu anu mabokosi a maliro. Nafenso zimathera komweko."

"Inu mwachokera kutali, mugonadi pano, landirani," anayankha modekha. "Zogulira mabokosi ndimachotsa pa malipiro anga. Izi anati n'za pogona."

Mawa lake pa nkhomaliro anzawo anadzaza matebulo mosawasiyira mpando. Anaima pang'ono, mbale ili m'manja, kenako analowera kuseri kwa khitchini kumene ife antchito tinkadyera pansi pa mtengo wa mango.

"Mwe uli?" anatilonjera. Ataona kondowole, nsima ya chinangwa, amene wophika wathu anatikonzera, anakankhira mpunga wawo kwa ine. "Mwanangu, tisinthane."

Anadya nafe mpaka msonkhano unatha. Sindinganene kuti anali munthu wosavuta. Ankalankhula osapuma, ankakonza Chingerezi cha aliyense, ndipo tsiku lina anandikalipira chifukwa ndinawapatsa tiyi wozizira. Koma ankatifunsa za kwathu, n'kumamvetsera. Nditawafunsa ngati sakuopa kudana ndi anzawo, anatafuna kaye usipa wawo.

"Zikundipweteka ndithu. Ena mwa iwo ndi anthu abwino, ndipo amavutika ndi opempha kuposa ine. Koma mnyamata wa kabaza uja amadziwa kumene ndimagona. Mkazi wanga amadziwa. Kutchalitchi amadziwa. Ndikalandira ndiwayang'ana bwanji?"

Tsiku lomaliza phungu wachinyamata uja anabwera kuseriko, akuti akufuna madzi osamba m'manja. Kenako anauza bambo aja kuti awapatsa lifiti mpaka ku Kande. Anapitira limodzi. Envulopu yake iye sanabweze, ndipo bambowo sanamufunse.

Pa chisankho chotsatira bambo aja anagwa. M'minibasi ndinkamva anthu akuti anali wouma manja. Ndinayesa kuwafotokozera zimene ndinaona, koma kondakitala anakweza wailesi.

Ndinadzakumana nawo chaka chatha pa msika wa Chintheche, akutsutsana ndi mayi wogulitsa nsomba pa mtengo wa nsomba ya batala. Anali ataonda, koma mawu anali omwe aja. Sanandizindikire. Ndinawanyamulira jumbo mpaka pa siteji, ndipo njira yonse ankandifotokozera za mbewu yatsopano ya chinangwa imene anabzala kumunda kwawo.